Masamba a Mpesa a Kuphiri

Chimwalirire mkazi wawo Evdokia, m'nyumba ya a Argyris munangoti zii. Mapoto anali pamisomali pomwe anawasiya malemuwo, ndipo mwini nyumba ankadya choimirira pazenera, buledi ndi azitona, ngati munthu wodikira basi. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, wosachulutsa mawu. Anthu akawafunsa za moyo ankangoti, "Tilipo," n'kupitirira.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lemonia, anakwatiwa kutali kutsidya la nyanja, mumzinda wa Melbourne. Chaka chimenecho anabwera kwawo kuchilumba nyengo yotentha itangoyamba, koma masiku ake ochepawo anathera m'maulendo: kumanda, kwa azakhali, kwa anzake akale. Bambo ndi mwana anali asanakhale pansi awiriwiri. Tsopano linatsala tsiku limodzi, chifukwa sitima yapamadzi yopita kudoko la Piraeus, kumene akanakakwerera ndege, inali yonyamuka mawa lake.

M'mawa umenewo Lemonia anaima pabwalo n'kuyang'ana mpesa umene unayanga pamwamba pa khonde.

"Ababa, lero tisapite kulikonse. Ndiphike mpunga wa masamba a mpesa, tidyere pamthunzi pano."

"Masamba awawa? Akhwima. Ukati ukulungiremo mpunga angong'ambika."

"Wanena zokulunga ndani? Ndingowaduladula, ndikazinge anyezi m'mafuta, ndithire mpunga ndi madzi, ndimu pamwamba, basi. Musanamalize nyuzipepala yanuyo zapsa."

A Argyris anapinda nyuzipepala ija pang'onopang'ono.

"Umenewo ndi mpunga wa alesi. Mayi ako sankaphika zoterozo."

Lemonia anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Amayi? Ankaphika sabata ndi sabata! Inu munkadya maso ali pa makope a ana asukulu, n'kupemphanso wina. Zokulunga zija zinali za masiku aakulu."

"Ndiye lero ndi tsiku laling'ono?"

Chimene chinali mumtima mwawo sanachitchule. Ankakumbuka tebulo lakukhitchini, Evdokia mbali ina, kamtsikana ka Lemonia mbali ina, akuyala tsamba pachikhatho, kuika kampunga, kupinda, kukulunga, timitolo tochepa ngati chala tikundandalikidwa m'poto, nkhani zili mkamwa. Iwo ankamvera pakhomo, akunamizira kuwerenga. Ankafuna kuonanso zimenezo kamodzi kokha, koma pakamwa pawo sipanazolowere kupempha zinthu zotero. M'malo mwake anatenga dengu.

"Kumunda wakale wa agogo ako, kuphiri, masamba amachedwa kukhwima, ndipo palibe amapoperako mankhwala. Mayi ako ankathyola kumeneko."

"Ababa, kumene kuja n'kutali. Ndi maondo anuwo? Ine sindinabwerere masamba."

"Dzuwa lisanafike pamutu ndabwera."

Foni anaisiya patebulo, monga mwa chizolowezi chawo, poti ankati imawalemera m'thumba.

Podutsa pamalo omwera khofi, mnzawo Zisis anawakuwira. "Aphunzitsi! Dengu m'manja? Mwapeza wokukwatirani kodi?"

"Imwani khofi wanu, a Zisis, azizira."

"Mwaimva mphepoyi? Yayamba kumpoto. Ikakula, za sitima yamawa sitikudziwa. Musatalikire."

Mphepo imeneyo a Argyris ankaidziwa kuyambira ali mwana. Anakweza dzanja n'kupitirira.

Njira yakuphiri inali itatalika kuposa mmene ankaikumbukira. Munda anaupeza utamera minga, mipesa itakwawa pamiyala mopanda woidulira. Koma masamba analipo, anthete, obiriwira mowala, ofewa ngati khutu la khanda. Anayamba kusankha. Lobooka ankalisiya, lalikulu kuposa chikhatho ankalisiya, lokhala ndi mitsempha yolimba ankalisiyanso. Pansi pa mkuyu pamene Evdokia ankapumira anakhalapo pang'ono, n'kumuuza chapansipansi kuti mwana wabwera, wanenepako, wameranso imvi patsogolo. Pamalo pamenepo pokha ndi pamene lilime lawo linkamasuka, choncho sanafulumire kunyamuka.

Dengu litadzadza, dzuwa linali litapendeka. Poyang'ana kumunsi anaona nyanja yonse itachita thovu. Kenako kunamveka hutala ya sitima, yaitali, yochokera kudoko. Limenelo silinali tsiku la sitima.

Anatsika phiri mmene munthu wokalamba angatsikire, dengu atalikumbatira pachifuwa kuti mphepo isauluze masamba. Maondo ankakana, iwo n'kumawakakamiza. Pofika pokhotera pamene doko limaonekera bwino, sitima ija inali itatembenuka kale, ikuzimirira kuseri kwa thanthwe.

Pakhonde anapeza mayi Marigo, oyandikana nawo nyumba, atakhala manja ali pamiyendo.

"Mwabwera, akatswiri a masamba."

"Ali kuti?"

"Mukufunsa chimene mwachiona ndi maso. Akudoko analengeza kuti mawa palibe sitima yotuluka, mwinanso mkuja. Aliyense wokakwera ndege anauzidwa kuti akwere sitima ya lero. Mwana anakuimbirani, foni n'kulirira patebulopo. A Zisis anathamanga pa njinga yamoto mpaka pothera msewu, anakuwa mpaka mawu kusasa, mphepo n'kumangowabwezera."

A Argyris anaika dengu pansi.

"Analira?"

"Ameneuja alire pa anthu? Anatengera inu. Anangothyola masamba apakhonde pano n'kuphika. Anati, 'Ababa akabwera apeze zapsa, tidye msangamsanga ndisanapite.' Anayala tebulo, n'kukhala pampando uwo, chikwama chili pambali, maso kunjira. Ndinamuuza kuti idya, mwana iwe, ulendo ndi wautali. Anati ayi, ndidikira. Hutala italira kachiwiri ndinachita kumukoka dzanja."

M'khitchini munali mbale ziwiri, mafoloko awiri, ndimu yodula pakati. Poto anali atamufunditsa thaulo kuti mpunga usazizire. Atavundukula, fungo la anyezi, mafuta a azitona ndi masamba owawasira linawafika kumaso, ndipo analizindikira nthawi yomweyo. Linali fungo la masana a masiku wamba, pobwera kusukulu, Evdokia akuwauza kuti achotse makope patebulo. Mwana uja sananame.

Anakhala pansi, n'kupakula m'mbale imodzi. Mpunga unali ukadali wofunda.

Ali mkati mwa kudya foni inalira. Mawu a Lemonia ankamveka modukaduka, kumbuyo kuli phokoso la injini.

"Ababa, mwafika bwino? Simunagwe?"

"Ndafika."

"Mwadya?"

"Ndikudya."

"Mchere ndinachulutsa, eti?"

"Uli bwino." Panali zambiri zimene anakonza kudzanena patebulo, manja ali pa masamba, maso asakuonana. Pa foni sizinatheke kutuluka. "Masamba aja ndawapeza. Anthete kwambiri."

"Ndikudziwa, Ababa."

"Chaka chamawa ubweranso?"

"Tiona. Ana, ntchito, ulendo wake mukuudziwa. Tiona, Ababa."

Sitima inalowa pakati pa nyanja ndipo mawu anaduka.

Madzulo mayi Marigo anabweranso. Anayang'ana dengu lija, masamba atayamba kufota m'mphepete.

"Ndikakuikireni m'botolo la madzi amchere? Amasungika mpaka nyengo yozizira."

"Tengani, mukakulungire adzukulu anu."

Mayiwo ananyamula dengu n'kupita. A Argyris anatsuka mbale yawo, ina ija n'kuibwezera m'kabati yosagwiritsidwa ntchito. Pokwera phiri ankamuyesa Lemonia mwana wa pakhomo, amene umamusiya pabwalo n'kudzamupeza pomwepo. Anaiwala kuti mwana akamanga banja kutsidya la nyanja, kwawo amabwerako ngati mlendo, ndipo wofuna kucheza naye sayamba wakwera phiri. Akuluakulu anaona kale pamene ankati: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.