Eyisi ndi Teni za a Chimbalanga

Panali munthu wina ku Liwonde, dzina lake Chimbalanga, amene anayendetsa lole zaka makumi atatu. Tsiku lina m'mawa anagwa pabwalo, ndipo potsitsimuka kuchipatala anapeza mkono ndi mwendo wakumanzere zitachita dzanzi. Anabwerera kunyumba ndi ndodo. Kuyambira pamenepo a Chimbalanga ankangokhala pakhonde, maso kumsewu, mawu ochepa. Akazi awo, mayi Nachisale, ankawasambitsa ndi kuwaphikira, koma njira yowabwezera kuseka sankaidziwa.

Mayi Nachisale anali ndi mlongo wawo, Lufeyo, wokonza mafoni kumsika. Loweruka lililonse masana Lufeyo ankatseka kanyumba kake n'kudzacheza ndi alamu ake. Tsiku lina, nkhani zitatha msanga monga mwa nthawi zonse, anatulutsa foni n'kuwaonetsa masewera a makhadi otchedwa poka.

Anawafotokozera pang'onopang'ono. Anthu mazana, ali kumayiko osiyanasiyana, amalowa mpikisano umodzi ndi kandalama kongokwana buledi. Aliyense amapatsidwa mulu wofanana wa timakobiri tosewerera. Umalandira makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu amaikidwa poyera pakati pa tebulo. Ukaona kuti ako ndi abwino, umaponya timakobiri pakati. Ukaona kuti ndi oipa, umawataya n'kudikira ena. Mulu wako ukatha, watuluka. Otsala kumapeto ndiwo amalandira mphoto.

A Chimbalanga anagwira foniyo ndi dzanja lamanja, ndipo sanafune kuibweza. Mayi Nachisale anavomera, koma anaika lamulo: Loweruka lokha, mpikisano umodzi, ukatha watha.

Masabata oyamba a Chimbalanga ankasewera makhadi aliwonse amene alandira. Madzi a tiyi asanawire, iwo anali atatuluka kale, akudandaula kuti foniyo imakondera. Lufeyo ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, kodi pamsewu munkaimira aliyense wokweza dzanja?"

Anawaphunzitsa kuti pa magawo khumi a makhadi, asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndi otaya. Anati ukataya usagone, uziyang'ana anzako: ndani amaponya nthawi zonse, ndani amakhala chete mpaka atagwira zazikulu. Anatinso mpando wabwino ndi wa amene amasewera pomaliza, chifukwa amakhala ataona kale zimene enawo achita.

A Chimbalanga anamva. Anapempha pensulo, nayamba kulemba pa katoni makhalidwe a anthu amene sanawaonepo nkhope. Pa chakudya ankasimbira akazi awo za wina wodzitcha Njati, amene amaopseza alibe kanthu, ndi za wina amene amachedwa kuponya akagwira makhadi abwino. Mayi Nachisale sankamva zambiri, koma ankafunsa mafunso kuti mawuwo asathe.

Koma phunziro la kudikira linawalowa kwambiri. M'masewerawa muli msonkho umene aliyense amapereka nthawi yake ikakwana, asewere asasewere, ndipo umakwera pakapita mphindi zingapo. A Chimbalanga ankataya, nataya, nataya, kudikira ma eyisi awiri, makhadi oposa onse. Ankakhalitsa maola awiri, inde, koma mulu wawo unkadyeka ndi msonkho mpaka kutsala kosaopsa munthu. Ankatuluka osamenyako nkhondo ngakhale imodzi.

Lufeyo anawauza kangapo kuti mulu ukachepa, munthu sayembekezera makhadi okongola. Amasankha abwinoko, pa mpando wabwino, n'kuponya zonse mulu udakali woti ena auope. Iwo ankayankha kuti ndi munthu wosamala. Koma mumtima ankadziwa kuti si kusamala. Chigwereni pabwalo paja, ankaopa chilichonse chotha kamodzin'kamodzi. Kutha pang'onopang'ono kunkaoneka kopepukirapo. Lufeyo anazindikira, ndipo analeka kuwakakamiza. Ankangobwera, nakhala pambali pawo.

Loweruka lina munalowa anthu mazana anayi. Dzuwa litapendeka, anatsala makumi asanu ndi atatu, ndipo mphoto inali ya theka la amenewo. Mulu wa a Chimbalanga unali utachepa, wongokwana kupereka msonkho kasanu ndi katatu. Analandira eyisi ndi teni. Onse osewera patsogolo pawo anataya. Kumbuyo kunatsala awiri okha: wina wamantha, ndi Njati uja.

Kawotchi ka pa foni kanayamba kuwerenga. A Chimbalanga anacheukira kwa mlamu wawo. Lufeyo anali akuyang'ana nkhuku pabwalo ngati sanazionepo chibadwire.

Chala chinapita chokha pamalo otayira, pamene chinazolowera. Chinaima pamwamba pake. Iwo anaona bwinobwino zimene zikanatsatira: kukhalanso theka la ola, msonkho kukwera, mulu kusanduka nyenyeswa, kenako kutuluka mwakachetechete ngati sabata latha ndi linzake lija. Anapumira m'mwamba, nasuntha chala, n'kuponya zonse pakati.

Wamantha uja anataya. Njati anavomera, naponya zofanana, ndipo makhadi anatembenuzidwa. Njati anali ndi kingi ndi naini. A Chimbalanga anali patsogolo, pakuti eyisi imaposa kingi. Makhadi atatu anagwa pakati, osathandiza aliyense. Khadi lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu linali kingi, ndipo Njati anakhala ndi ma kingi awiri, oposa eyisi imodzi.

Foni inalemba kuti atuluka.

Mayi Nachisale, amene ankatuluka ndi tiyi, anaima pakhomo, akuyang'ana mlongo wawo ndi diso lomuimba mlandu. A Chimbalanga anaika foni pamwendo.

"Alamu, ndinalakwa?"

"Simunalakwe. Mutachita zomwezo kakhumi, mungapambane kasanu ndi kamodzi. Lero linali limodzi la masiku anayi enawo."

A Chimbalanga anayamba kuseka, poyamba pansipansi, kenaka mokweza mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee. Anagwira dzanja la akazi awo n'kuliika pachifuwa pawo kuti amve mmene mtima unali kugundira. Anawauza kuti aona okha: waponya zonse, zonse zapita, koma munthu ali pompano, ndipo akufuna tiyi wa shuga wambiri.

Atamwa, anauza Lufeyo kuti Lolemba adzawatenge. Ankafuna kukafika kumsika wapansi, akaone kanyumba kokonzera mafoni kamene ankangokamva. Mayi Nachisale anafunsa kuti nanga akakagwa panjira. Iwo anati akakagwa, mlamu wawo akawadzutsa, ndiyo ntchito ya mlamu. Lolemba anapita. Ulendo wa mphindi khumi unawatengera ola lathunthu, ndipo anapuma katatu.

Anaseweranso Loweruka lotsatira, ndi ena ambiri. Masiku ena ankapeza kamphoto, masiku ambiri ayi. Malo oyamba sanawafikepo. Koma sanatulukenso chifukwa chodyedwa ndi msonkho.

Inu amene mukumva, kudikira n'kwabwino, ndipo ambiri a ife tiyenera kukuphunzira kaye. Koma dzifunseni ngati mukudikiradi nthawi yabwino, kapena mwangopatsa mantha anu dzina laulemu. Masiku amadula msonkho wawo, muchite kanthu musachite. Ndipo mukasankha bwino koma zinthu n'kukuipirani, musathamangire kudziweruza. Khadi lomaliza silili m'manja mwanu. Chimene chili m'manja mwanu ndi chala chija, ndi pamene muchiike.