Tsiku Limene Madengu Anaima pa Geti

Bambo Eleuterio Barragán anali akumwa khofi wa m'mawa pamene akazi awo, mayi Otilia, anawakumbutsa kachitatu.

"Bambo a Marisela, kalata ya alendo ija mwapereka ku komiti? Lero ndi Lachiwiritu. Anthu aja akubwera Loweruka."

"Ndipereke kwa yani? Komitiyo si ine ndemwe?" anayankha bambowo, maso ali pa nyuzipepala.

Mudzi wa Paseos de Santa Brígida, kunja kwa mzinda wa Puebla, unali ndi zaka ziwiri zokha. Kampani ina inagula minda ya chimanga, n'kumangapo nyumba mazana atatu zofanana ngati mazira, mpanda kuzungulira, geti limodzi. Itatha kugulitsa inasiya zonse m'manja mwa bungwe la eni nyumba, ndipo eni nyumbawo anasankha a Barragán kukhala wapampando wa komiti ya anthu asanu. Mkuluyu anali atapuma pa ntchito yoyendera masukulu. Anali munthu woti akaona udzu watalika pakhomo pa mnzake, chakudya sichitsika kukhosi. Komiti yawo inkalamula mtundu wa penti wa pakhoma, malo oyanika zovala, ngakhale nthawi yotulutsa zinyalala. Anthu ankang'ung'udza, koma tisaname, misewu inali yoyera.

Lamulo la alendo linabadwa pa maliro. Mayi wina wa mumsewu wa a Barragán amuna ake atamwalira, anachita monga timachitira tonse: anakhoma tenti pamsewu, n'kuika mipando, abale n'kumabwera kudzapemphera kolona masiku asanu ndi anayi. Masiku onsewo galimoto ya a Barragán inkatuluka movutikira. Pa msonkhano wotsatira bambowo anaimirira nkhope ili gwaa.

"Zimenezi n'zimene tinathawa kumene tinachokera. Kuno si kumsika ayi."

Tsiku lomwelo anakhazikitsa lamulo. Nyumba iliyonse alendo asapitirire asanu ndi mmodzi. Wofuna oposa pamenepo alembe kalata kudakali masiku atatu, ndipo mamembala onse asanu a komiti asayine. Wina kumbuyo anafunsa kuti nanga wapampando akangolamula pakamwa?

"Ngakhale ine ndemwe," anatero a Barragán, akumenya tebulo. "Mlonda wotsegula geti chifukwa cha mawu apakamwa, ntchito yatha."

Sanali kuseka. Patangotha mwezi, mlonda wina anatsegulira kwaya ya kutchalitchi imene inabwera kudzaphunzira nyimbo kwa a Zepeda, msungichuma wa komitiyo. M'mawa mwake mlondayo anali pamsewu, kalata yomuchotsa ntchito atasayina a Barragán.

Tsono Loweruka limene mayi Otilia ankanenalo silinali Loweruka wamba. Marisela, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anali namwino, anapeza mnyamata dzina lake Ulises, wa kumapiri a ku Oaxaca, ndipo akwawo kwa mnyamatayo ankabwera kudzamufunsira mwamwambo. Pa mwambo umenewu awiriwo amagwada pamkeka, bambo wa mtsikana n'kuwadalitsa ndi chizindikiro cha mtanda. A Barragán ankaidikira mphindi imeneyi kuyambira tsiku limene mwanayo anabadwa. Mwezi wathunthu anakhala akuyeserera mawu awo kubafa, mpaka nthawi zina misozi n'kulengeza.

"Anthu a kumapiri sayenda awiriawiri," anachenjezanso mayi Otilia.

"Mnyamata wanena yekha kuti abwera ochepa."

"Ochepa a kwawo ndi ochepa a kwanu n'zosiyanatu, bambo."

A Barragán anangopinda nyuzipepala n'kutuluka kukayendera maluwa a pamphambano.

Loweruka, nthawi itangokwana 11 koloko, foni ya kugeti inalira. Anali Nicanor, mlonda wa masana, bambo wa ana anayi.

"Bwana, kuno kwafika basi. Akuti ndi alendo anu. Ndawerenga anthu makumi asanu ndi mphambu zinayi, kupatula nkhukundembo."

A Barragán anatsikira kugeti atavala suti. Kunja kwa mpanda kunali anthu mbwee! Amayi atasenza madengu a buledi, zipatso ndi chokoleti, abambo atanyamula makandulo aatali ndi zigubu za mezikali, kachasu wa kwawoko. Oimba malipenga anali akupukuta zida zawo. Anthuwo ananyamuka m'mamawa, ulendo wa maola anayi.

"Nicanor, tsegula. Ndi alendo anga."

"Pepala, bwana."

"Ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani bwino, bwana, n'chifukwa chake sinditsegula. Kamera iyo ikundiyang'ana. Mnzanga uja mpaka lero akugulitsa malalanje pa mphambano."

A Barragán anaiyang'ana kamerayo. Anatulukira pa kakhomo ka oyenda pansi n'kupereka moni kwa mkulu wotsogolera ulendowo, a Crisóforo, nkhalamba yowongoka bwino ya chipewa choyera, imene inali nkhoswe ya mnyamatayo. Anawapempha kuti alowe anthu asanu ndi mmodzi okha, enawo adikire pang'ono.

Nkhalambayo inavula chipewa mwaulemu. "Pepani bambo. Tabwera tonse, tilowa tonse. Ndisiye ndani pamsewu, agogo ake a mnyamata kapena amene anamuimira pa ubatizo? Komanso ndikuuzeni, woyendetsa basi akuti 2 koloko tinyamuke, msewu wa kumapiri sayendamo mdima. Madengu awa akabwerera osatsegula, kwathu adzati mwatikana. Zikatero nkhani yathera pomwepo."

Mayi Otilia anali atafika, Marisela ali pambuyo pawo ndi diresi lake latsopano. Panalinso mchimwene wa mayiwo, a Tacho, oyendetsa takisi, amene a Barragán sankawawerengera n'komwe chifukwa cha kuseka kwawo kopanda malire.

"Alamu, lamulo ndi lamulo," anatero a Tacho, mano onse ali panja. "Ine ndinamva kuti amene analilemba ndi munthu wanzeru kwambiri."

"Achimwene, takhalani chete," anawadzudzula mayi Otilia, kenako anatembenukira kwa amuna awo n'kutsitsa mawu. "Bambo a Marisela, ife kutuluka palibe akutiletsa. Tiyeni titenge mkeka ndi mipando, tichitire pamthunzi wa mpandawu. Mdalitso susankha malo."

"Mwana wanga afunsiridwe m'mbali mwa msewu ngati tomato? Ndili moyo ine? Zosatheka!"

Nicanor, poona kuti zinthu zafika poipa, anawaitanira pambali. Anati akabweretsa pepala losayinidwa ndi onse asanu, za masiku atatuzo iye ayang'ana kumbali. A Barragán anauza alendowo kuti sachedwa, n'kuuyamba ulendo.

Dzina loyamba linali lawo lomwe. Mlembi wa komiti anasayina akuseka mpaka kutsokomola. Koma a Zepeda, msungichuma uja, anawalandira ngati mlendo wochokera kutali.

"Aa, apampando! Lowani, khalani pansi. Mwati alendo angati? Makumi asanu? Inetu kwaya yanga ija inali ya anthu khumi ndi awiri okha. Mukuikumbukira?"

Anawafotokozera nkhani yonse ya kwayayo kuyambira pachiyambi, osadumpha kanthu, cholembera chili m'manja koma osachitsitsa papepala. A Barragán ankangovomera. Foni yawo inalira m'thumba, anaona kuti ndi akazi awo, anaidula. Ankadziwa zimene mayiwo ankafuna kunena.

Membala wachinayi sanali pakhomo. Anamusaka kubwalo la masewera, kudziwe losambira, mpaka anakamupeza kumapeto kwa mudzi akuyendetsa galu. Suti inali itanyowa ndi thukuta. Wachisanu anali dokotala amene anagwira ntchito usiku wonse, ndipo akazi ake anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Lamulo lanu lomwe likuti tisasokoneze anthu akamapuma masana. Dikirani adzuke."

Anadikira pakhonde. Foni inalira, inaliranso, iwo osayankha. Mumtima ankati bola afike ndi pepala m'manja, onse aone kuti Barragán sagonja pageti pake.

Dokotala anadzuka 2 koloko itadutsa. A Barragán anathamanga, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, pepala lili m'mwamba. Asanafike n'komwe anamva malipenga akulira.

Kunja kwa geti, pamthunzi wa mpanda, makandulo anali akuyaka. Madengu onse anali otsegula, anthu akugawana buledi. Pamkeka, Marisela ndi Ulises anali akudzuka kumene, akusansa mawondo, ndipo amene anaima patsogolo pawo, dzanja likutsika kuchokera pamphumi pa mtsikanayo, anali a Tacho. Tsiku limenelo sankaseka. Ankapukuta misozi ndi mkono wa malaya.

Marisela anawaona bambo ake n'kubwera. Maso ake anali ofiira.

"Bambo, ndakuimbirani kasanu ndi kawiri. Anthu amakwera basi ndi madengu awo. Ndikanatani?"

A Barragán anatsitsa pepala lija. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sanalankhule mokwiya, analankhula mowamvera chisoni. Anatembenukira kwa a Crisóforo n'kufunsa ngati anawo sangagwadenso, kamphindi chabe.

"Bambo, mdalitso saupereka kawiri, ungaoneke ngati woyambawo unali wamasewera," inayankha nkhalambayo mofatsa. "Amalume ake alankhula bwino ndithu. Landirani kakapu aka, tsopano ndife amodzi."

A Barragán anamwa mezikaliyo osaimva kukoma. Woyendetsa basi analiza hutala, alendo anatsanzika mwaulemu mmodzimmodzi, n'kukwera. Mayi Otilia anapinda mkeka osawayang'ana amuna awo.

Nicanor anatenga pepala lija m'manja mwa a Barragán, n'kuwerenga mayina onse asanu bwinobwino monga anamuphunzitsira.

"Lili bwino, bwana. Nditsegule?"

Poti pepala linali lokwanira, anangotsegula. Geti linakhala pululu, popanda ndi mmodzi yemwe wolowa, basi ikukhotera kumsewu waukulu.

Lamulo lija a Barragán analipempha okha, analilemba okha, n'kulimanga mfundo yoti ngakhale mwini wake asamasule. Akuluakulu sananame pamene anati walira mvula walira matope.