Mwini Maliro a Mtchona

Kalekale, matchalitchi akadali ofolera ndi udzu, kunali mkulu wina dzina lake Yotamu Kachingwe. Anali mtchona. Anapita kumigodi ya ku Joni ndevu zisanamere, nabwerako mano atatha, chifuwa chikulira ngati mvukuto. Kwawo anapeza bwinja. Mlongo wake anali atamwalira, ana a mlongoyo atabalalika, choncho ankagona m'khonde mwa sitolo. Njala sinkamuopsa Yotamu, anali ataizolowera. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti tsiku lake likadzafika, adzukulu okumba manda adzafunsa kuti, "Mwini maliro ndani, atilozere pokumba?" ndipo anthu adzangoyang'anana.

Woyamba kumuona anali Elifala, woumba njerwa. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi mapemphero asanathe. "Abale, ife tili kalikiliki kuimba za nyumba zakumwamba, mkulu uja akunyowa pansi pompano. Manyazi tilibe?" Ena anang'ung'udza kuti kupatsa n'kuika, nanga mtchonayu anaika chiyani kumudzi? Elifala sanalimbane nawo. Anatenga njerwa zimene anaumbira nyumba yake yomwe, namanga tizipinda kuseri kwa tchalitchi. Dzinja limenelo iye ndi mkazi wake anagona m'nyumba yodontha, ndipo mkaziyo sankalephera kumukumbutsa mvula ikagwa. Umo ndi mmene zinayambira nyumba za okalamba pampingo umenewo, ndipo woyamba kulowamo anali Yotamu.

Koma denga sadya. Apa ndi pamene anatulukira Nachisale, mayi wamasiye wa lilime lakuthwa ngati lumo. Ankayenda khomo ndi khomo ndi dengu lake, ndipo mayi aliyense wopezeka akusefa ufa ankatapako dzanja limodzi, afune asafune. Chifuwa cha Yotamu chitakula, anthu n'kuyamba kulambalala chitseko chake, Nachisale ankalowa, kumusambitsa, kumuchapira bulangete. "Yasamulani, bambo inu! Ku Joni munkadya ndi foloko, kuno mudya ndi Nachisale." Ankakalipa uku akuuzira phala kuti lizizire. Mayi ameneyo anali munthu, ndithu.

Komabe Yotamu ankangokhala atalozetsa nkhope kukhoma. Kudya chosagwirira ntchito kunkamupweteka kuposa chifuwa, moti ankapempha Mulungu kuti amutenge msanga. Kenaka m'chipinda choyandikana anabweretsamo nkhalamba ina yosaona, dzina lake Dzonzi. Ameneyu analibe njerwa, analibe ufa. Anangogogoda pachitseko ndi ndodo yake nati, "Achimwene, akuti maso muli nawo. Mukuwasungira ndani? Gwirani ndodoyi kutsogoloko, ine ndigwire kumbuyo." Kuyambira tsiku limenelo Yotamu ankalawirira kudzuka, poti panali munthu womudikira. Ankamutsogolera kutchalitchi, kumtsinje, mpaka pamthunzi pomwe amuna ankasewera bawo, awiriwo akukangana njira yonse ngati ana a mimba imodzi. Anthu anamva kuseka kwa Yotamu koyamba.

Zaka zinapita, nyumba zija zinachuluka, mphamvu za Yotamu zinatha. Ataona kuti sadzukanso, anaitanitsa mkulu wa mpingo, atatu aja ali pomwepo.

"Akulu," anatero movutikira, "ine mbumba ndilibe. Adzukulu akadzafunsa mwini maliro, mudzangowauza akumbe paliponse, asadzavutike."

Elifala anadzambatuka. "Paliponse? Nyumba yoyamba ndinakumangirani ine. Yomaliza ndiloza ndine."

"Khala pansi, iwe," anatero Nachisale. "Njerwa zako akanatafuna? Thupi ili ndalisambitsa ine, ndikulidziwa ngati la mwana wanga. Mwini wake ndine."

Dzonzi anapapasa pamphasa mpaka anapeza dzanja la mnzakeyo. "Zaka zonsezi achimwene akhala kutsogolo kwa ndodo. Ulendo umodzi wokhawu, ndiloleni nditsogole ine."

Mkulu wa mpingo anakanda m'mutu. "Mwambo mukuudziwa nonse. Kulira tidzalira tonse, koma woloza pokumba amakhala mmodzi. Adzukulu sakumba manda atatu. A Kachingwe, pakamwa pakadali panu. Titchulireni."

Yotamu anayang'ana denga lija losadontha. Anayang'ana mbale ya phala pambali pake. Anamva dzanja lija likumufinya. Munthu amene ankaopa kufa wopanda mwini anapezeka ndi eni atatu, ndipo misozi inayenderera mpaka m'makutu. Anadziwa kuti akatchula mmodzi, awiri atuluka m'chipindamo mitima itasweka. Akapanda kutchula, adzukulu adzaima kumanda makasu ali paphewa, monga momwe ankaopera.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mpweya wa mkuluyu ukutha. Atchule ndani: amene anamupatsa pogona, amene anamudyetsa ndi kumusambitsa, kapena wosaona uja amene sanamupatse kanthu koma anangomupempha kuti amugwirire ndodo?