Nguluwe ndi Ngumbi Yotsiriza

Nguluwe, Ng'azi ndi Nyani ankakhala m'chigwa chimodzi, pakati pa mtsinje waukulu ndi phiri la miyala. Nguluwe anali mayi wonenepa, wa miyendo ifupiifupi, ndipo ana ake anali atakula n'kumwazikana. Ng'azi sankakonda zolankhulalankhula, ndipo ankakhala m'una pansi pa chulu. Nyani ndiye anali woyang'anira mpikisano wa pachaka, umene unabutsa mkangano pakati pawo.

Mpikisanowo unali ndi magawo atatu: kuwoloka mtsinje posambira, kuthamanga kudutsa dambo, ndi kukwera phiri mpaka pa mwala wa pamwamba. Makolo a nyamazo anauyambitsa kuti aliyense azidziwa kuthawa madzi akasefukira. Aliyense womaliza magawo onse ankapakidwa dothi loyera pachipumi. Opakidwawo okha ndiwo ankaloledwa kulankhula pabwalo, pamene nkhani za chigwa chonse zinkagamulidwa.

Panali lamulo limodzi limene nyama zinkalitsata osalifunsa. Wopambana ankapatsidwa mulu wa ngumbi, ndipo mpikisano unkatsekedwa ngumbi yotsiriza ikamezedwa. Wofika pambuyo pake ankawerengedwa ngati sanathamange n'komwe. Popeza opambana ankafika ndi njala n'kumeza mulu wonse mwakamphindi, zipumi zoyera zinali zomwezomwezo chaka ndi chaka.

Dzinja lina mtsinje unasefukira. Njira yothawira imene bwalo linasankha inkadzera pa thanthwe loterera, limene anyani ankalilumpha akuseka. Nguluwe analephera kulikwera, ndipo anakhala tsiku lonse atagwira muzu ndi mano, madzi akumulekeza m'khosi. Madzi ataphwa anapita kubwalo kukapempha kuti njirayo isunthidwe.

"Bambo Nyani, ndili ndi mawu pa nkhani ya njira ija," anatero Nguluwe.

Nyani anamuyang'ana pankhope. "Mayi, chipumi chanu chili bii. Mukudziwa kuti pano salankhula wosapakidwa."

"Koma amene ndinatsala pang'ono kumira ndine."

"Pepani kwambiri. Lamulo sindinalipange ine. Mukamaliza mpikisano, tidzakumverani."

A pabwalo anaseka, chifukwa palibe nguluwe imene inamalizapo. Nguluwe anachoka pabwalopo. M'mawa mwake anapita kumtsinje, nalowa m'madzi olekeza m'mawondo.

Madzulo a tsiku lomwelo anakwera pachulu, nayamba kufotokoza mokweza mawu zimene zinamuchitikira. Anachita zimenezi kuti asadzabwerere m'mbuyo, pakuti chimene wanena pagulu chimavuta kuchisiya mwakachetechete. Omvera oyamba anali timba ndi mpheta zochepa zimene zinatera pa chitsamba chapafupi. Mphetazo zinkatenga nkhaniyo n'kukaifalitsa kudambo ndi kuphiri.

"Lero ndayesa kusambira," anatero. "Madzi amene ndamwa ndi ambiri kuposa amene ndawoloka. Ndazindikira kuti mphuno iyenera kukhala pamwamba, ndipo ndikachita mantha imalowa pansi yokha. Mawa ndibwererakonso."

Khwangwala, amene ankadziwika ndi chipongwe, anatera pa nthambi yowuma. "Amayi inu, mimba imeneyo mukaisiya kuti pa tsiku la mpikisano? Kapena mudzaipereka kwa anzanu akusungireni?"

"Ndidzapita nayo, a Khwangwala," anayankha Nguluwe. "Ndi yomweyi imene imandiyandamitsa."

Kuyambira pamenepo Nguluwe ankakwera pachulu madzulo alionse. Ananena za tsiku limene anathamanga theka la dambo n'kugwa chafufumimba m'matope. Ananena za ziboda zake zimene zinkaterereka pamiyala, ndi mmene anaphunzirira kukwera mokhotakhota m'malo molunjika. Pa nthawi ina mawondo anatupa, ulesi unamugwira, ndipo anakhala osapita kumtsinje. Zimenezinso anazinena osabisa.

Omvera anayamba kuchuluka. Ena ankabwera kudzaseka, ena kudzamva ngati wasiya. Koma Nungu, amene anali wokalamba ndi woyenda pang'onopang'ono, ankakhala kumbuyo osaseka. Tsiku lina Nguluwe anamupeza m'mphepete mwa mtsinje akuviika phazi limodzi m'madzi.

"Ndimati ndione ngati akuzizira monga munanenera," anatero Nungu mwamanyazi.

"Akuzizira, achemwali. Lowani ndi lachiwiri lomwe, tizizidwire limodzi."

Khwangwala ataona kuti gulu likukula, anabwera ndi uphungu. Anauza Nguluwe kuti aleke kuulula zofooka zake, ndipo azinena kuti wawoloka mtsinje ngakhale asanawoloke. Anati nkhani zopambana ndizo zimapatsa ulemu, ndipo palibe amene angapite kukatsimikiza.

"Nungu amabwera kumtsinje chifukwa anamva kuti ine ndimamira," anayankha Nguluwe. "Ndikanena kuti ndi zosavuta, iye akalephera adzaganiza kuti vuto ndi iyeyo. Ndinenabe zimene zachitika."

Panali mmodzi amene ankamva nkhani zonsezi osafuna. Ng'azi, amene anali atapambana mpikisano zaka zingapo zotsatizana, ankakhala m'una pansi pa chulu chomwecho. Madzulo alionse dothi linkamugwera pamutu Nguluwe akamaponda pamwamba, ndipo mawu ankalowa mpaka mkati. Poyamba ankanyansidwa, koma analibe kothawira.

Tsiku lina Nguluwe anafotokoza za muzu uja. Ananena mmene nsagwada zinkamuwawira, ndi mmene ankaonera michira ya anzake ikuzimiririka pamwamba pa thanthwe. Gulu litabalalika, Ng'azi anatulutsa mutu pa una.

"Mayi, kodi madzi amaopsa?" anafunsa.

"Inu simudziwa, a Ng'azi?"

"Ine ndinaswedwa n'kulowa m'madzi tsiku lomwelo. Ndinkaganiza kuti amene samaliza mpikisano safuna."

"Timafuna, bambo. Kungoti pamene inu mukunyambita milomo, ife timakhala tili pakati pa dambo."

Ng'azi anabwerera m'una mwake.

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka, ndipo tsiku la mpikisano linalengezedwa. Nguluwe tsopano ankatha kuwoloka mtsinje, kudutsa dambo osaima, ndi kufika pamwamba pa phiri, koma liwiro analibe. Anakwera pachulu komaliza, nalankhula mosazungulira.

"Ndikudziwa kuti ngumbi zidzatha ine ndisanafike. Ndinapempha kuti lamulo liunikidwenso, ndipo ndinauzidwa kuti wosapakidwa sapempha. Ndidzakwerabe, kuti amene adzandibweze adzandibweze akundiona ndili pamwamba."

Pa tsikulo nyama zinandanda m'mphepete mwa mtsinje, ndipo Nyani atakuwa, zonse zinadumphira m'madzi. Ng'azi anawoloka ngati muvi, anadutsa dambo, nakwera miyala osapuma. Anafika pamwamba woyamba, anyani ndi agwape akumutsatira. Nyani, amene anadzera njira yachidule monga woyang'anira, anamuikira mulu wa ngumbi patsogolo.

Aliyense ankadziwa kadyedwe ka Ng'azi: ankangotsegula kukamwa n'kumeza. Koma tsiku limenelo anatola ngumbi imodzi, naithothola phiko limodzi, kenaka lina, naiyang'anitsitsa, n'kuidya. Atatero anatola yachiwiri.

"A Ng'azi, mwatani?" anafunsa Nyani. "Zaka zonsezi mumameza ndi mapiko omwe."

"Mapiko amandikanda pakhosi," anayankha Ng'azi.

Khwangwala ankauluka pakati pa dambo ndi phiri akufuula zimene ankaona, kuti gulu liseke. "Amayi aja atuluka m'madzi, akusanza mtsinje wonse!" Patapita nthawi anabweranso. "Afika pakati pa dambo, akupuma ngati mvukuto!" Iye sankadziwa kuti Ng'azi ankatchera khutu, n'kumayeza mulu wake ndi mtunda umene unatsala.

Dzuwa linakwera, ndipo Nyani anayamba kutekeseka. Anati athandize kudya kuti mwambo uthe, koma Ng'azi anamukumbutsa kuti palibe wokhudza mphotho wopambana asanamupatse. Anati mvula ikubwera, koma kumwamba kunalibe mtambo. Pomaliza panatsala ngumbi imodzi yokha, ndipo Ng'azi anaipsinja ndi chikhadabo.

"Mezani imeneyo, titseke!" anakuwa Nyani.

"Ndakhuta."

"Mungakhute bwanji ndi ngumbi imodzi yotsala?"

"Mimba ndi yanga, a Nyani. Ikafuna ndikuuzani."

Pamenepo panamveka miyala ikugubuduka pansi pa phiri. Nguluwe anatulukira akukwera mokhotakhota, mawondo ali magazi, thovu lili kukamwa. Anaterereka kawiri pa thanthwe lija, ndipo kachitatu anakwera. Anafika pa mwala wa pamwamba, naugunda ndi mphuno, n'kugwa pansi akupuma mwawefuwefu.

Nyani anayang'ana ngumbi, nayang'ana Nguluwe. Lamulo lomwe ankalikonda lija ndilo linamumanga. Anatapa dothi loyera, napaka pachipumi cha Nguluwe ndi chala chimodzi, akuyang'ana kumbali.

Ng'azi anakankhira ngumbi ija kwa Nguluwe. "Mphothoyi ndi yanga, ndipo ndakupatsani. Idyani, mayi, mutseke mpikisano ndinu."

Nguluwe anali ndi njala yoopsa, ndipo malovu anadzadza m'kamwa mwake. Koma anadzutsa mutu, naitana mpheta zimene zinkamufalitsira nkhani. "Pali amene watsala m'njira?"

"Nungu ali pansi pa thanthwe," zinayankha mpheta. "Akubwera, koma pang'onopang'ono."

Nguluwe anaika chiboda chake pambali pa ngumbiyo kuti mphepo isaiulutse, nakhala pansi. Nyani anadandaula kuti zimenezi n'zosokoneza mwambo. Nyama zina zinatsetsereka kukaima m'mbali mwa njira, zikumuitana Nungu ndi dzina. Zithunzi zitayamba kutalika, Nungu anafika, anapakidwa dothi, ndipo ndiye amene anadya ngumbi yotsiriza.

M'mawa mwake bwalo linakumana. Nguluwe anaimirira, chipumi chili mbuu, ndipo Nyani anakakamizika kumupatsa mpata. Ambiri ankayembekeza kuti athokoza n'kukhala pansi.

"A Ng'azi, ndikukuthokozani pamaso pa onse," anayamba motero. "Koma ndikufuna bwalo limvetse chimene chinachitika dzulo. Ine ndinawoloka mtsinje womwewo, dambo lomwelo ndi phiri lomwelo limene onse anakwera. Chikhalirecho, chimene chinandipatsa mawu pano si miyendo yanga, koma kuti wopambana anasankha kudya pang'onopang'ono. Chaka chamawa akadzapambana wanjala, wina wonga ine adzabwezedwa atakwera phiri lonse."

"Lamuloli ndi la makolo," anatero Nyani.

"Makolo anayambitsa mpikisano kuti asamire aliyense, bambo. Amene amamira ndi ochedwa, ndipo ndi omwewo amene mwakhala mukuwatsekera pakamwa. N'chifukwa chake njira yathu yothawira imadzera pa thanthwe limene theka la chigwa silingakwere."

Nungu anaimirira pambuyo pake, nanena kuti akugwirizana nazo. Kenaka Ng'azi, amene anali asanalankhulepo pabwalo chiyambire, anatsegula pakamwa. "Dzulo ndinadya ngumbi zozizira," anatero. "Sindikufuna kudzachitanso zimenezo. Sinthani lamulo."

Bwalo linagamula zinthu ziwiri. Njira yothawira madzi inasunthidwa kuti izidzera m'mbali mwa phiri, kumene ziboda ndi miyendo ifupiifupi zingathe kukwera. Ndipo kuyambira chaka chimenecho, wopambana ankadya mulu wake mmene afunira, koma ngumbi imodzi inkapatulidwa kuti idikire womaliza kufika.

Nguluwe sanapambanepo mpikisanowo, ndipo sanasiye kukwera pachulu madzulo kukanena mmene tsiku layendera. Chaka chotsatira zipumi zoyera zinachuluka kwambiri moti dothi linachepa. Nyani anakhalabe woyang'anira, ndipo ntchito yake tsopano inali kukhala padzuwa pamwamba pa phiri, atasunga ngumbi imodzi m'manja, mpaka Nungu atafika.

Phunziro

Wobadwa ndi liwiro sadziwa kutalika kwa njira mpaka woyenda pang'onopang'ono atamufotokozera, choncho wovutika anene zoona za kuvutika kwake osachita manyazi. Chifundo cha wamphamvu n'choyenera kuthokozedwa, koma lamulo limene limafuna chifundo kuti lichite chilungamo liyenera kusinthidwa. Ndipo amene wapatsidwa mpata, asautseke asanafunse ngati pali wina amene akadali m'njira.