Kiyi wa Malemu

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, kunali a Lufeyo, telala wodwala matenda a shuga. Chimwalirireni akazi awo ankakhala okhaokha, kiyi wa nyumba amene malemuwo ankasunga akungolendewera pamsomali kuseri kwa chitseko. Ana anali ku Joni, ndipo foni inkalira pa Khirisimasi basi.

Lachitatu lililonse odwala shuga ankakumana pansi pa mtengo kuchipatala kuti azilimbikitsana. Ankavula nsapato n'kuyang'anana mapazi, poti matendawa amachititsa dzanzi: munthu amaponda munga osamva. Koma a Lufeyo, kuuma mutu, sankavula. Ankati mapazi awo anali oonedwa ndi mkazi mmodzi, ndipo mkaziyo anapita.

Lachitatu lina sanabwere. Pa anthu makumi awiri, amene anaona kuti njerwa yomwe iwo ankakhalira ili yokha ndi Mayi Nangozo, amene maso awo anali atayamba kale kuchita khungu. Anayenda mtunda wonse mpaka kunyumba kwawo, nagogoda mpaka a Lufeyo anatsegula, thupi lili moto. Mayiwo anakaitana anzawo.

Anabwera a Yotamu, munthu wopanda ulemu pakamwa. Anawavula nsapato mokakamiza, napeza singano itathyokera m'phazi, bala likununkha. A Lufeyo anawachonderera kuti asauze anthu.

"Manyazi anapha lambe, achimwene," anatero a Yotamu, nawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Adokotala anati akanachedwa masiku awiri, phazilo likanadulidwa.

Atabwerera kunyumba, a Lufeyo anasiya kudya. Adye ndi yani? Bala silinkapola, mankhwala n'kumawagwetsa ndi chizungulire. Apo Mayi Elube a m'gulu lomwelo, amasiye nawonso, anayamba kubwera masana alionse ndi mbale ziwiri, n'kukhala pakhonde. Za matenda sankatchula n'komwe.

"Ndekha sindimeza, bambo. Ndithandizeni," ankangotero. Mwezi ndi theka, bala linauma.

Gulu linagwirizana kuti aliyense wokhala yekha apereke kiyi wa nyumba yake kwa mnzake mmodzi, woti azilowa osadikira kutseguliridwa. A Lufeyo anachotsa kiyi uja pamsomali, nalira, chifukwa chiikireni maliro palibe anamukhudzapo. Lachitatu anavula nsapato pamaso pa onse, kiyi ali m'manja, atatu aja atakhala patsogolo pawo.

Kiyi ndi mmodzi. Nanga inu mukuti a Lufeyo ampereke kwa yani: amene anaona kuti palibe, amene anawachititsa manyazi n'kupulumutsa phazi, kapena amene ankadya nawo?