Nyimbo ya Maliro a Mfumu Yamoyo

Panali mayi wina m'dziko la Israyeli, dzina lake Atara, amene ntchito yake inali kupeka nyimbo za maliro. Masiku amenewo munthu wamkulu akamwalira, ankaitana amayi odziwa kulira. Mmodzi ankatsogolera, kutchula chimene anthu ataya, anzake n'kumavomera kuti, "Kalanga ife, mbuye wathu." Nyimbo yopanda ovomera sinali nyimbo.

Mfumu ya nthawi imeneyo inkakonda ulemu kuposa chakudya. Inagwira amuna m'midzi kuti akaisemere manda m'thanthwe, ndipo pakati pawo panali Elidadi, mwana mmodzi yekhayo wa Atara. Manda asanathe, mfumuyo inayamba kudandaula kuti nyimbo yake ya maliro idzaimbidwa makutu ake atatsekeka kale. Choncho inaitana Atara ndi kumulamula kuti aipekeretu, iimve ikadali moyo. Nyimbo ikakoma, mwana wake abwerera kwawo. Ikapanda kukoma, adzakhala kuthanthweko mpaka kukalamba.

Atara anachita monga mwa masiku onse. Asanapeke nyimbo, ankayamba wafunsa anthu kuti mwini maliroyo anali ndani kwa iwo. Anapita kuchitsime, kumsika, ndi kuchipata cha mzinda kumene ankaweruzira milandu. Ambiri ankangoyang'ana pansi. Mayi wina wamasiye anati mlandu wake wa munda watha zaka zitatu osamvedwa. Wolima mphesa anati zipatso zikuwolera m'munda chifukwa okolola onse ali kuthanthwe. Atara anabwerera chimanjamanja, mtima ukumuwawa. Mawu okometsera ankawadziwa bwino, ndipo ankafunitsitsa kuti mwana wake abwerere. Anzake anamunyengerera kuti angonama kamodzi kokha, koma iye anakana.

Tsiku litakwana, anavala chiguduli, anadzithira phulusa kumutu, nakhala pansi pamaso pa mfumu pamodzi ndi amayi ovomera. Anaimba kuti, "Wagona mwini akavalo ambiri. Wagona mwini manda aakulu." Apo anatseka pakamwa. Amayi aja sanavomere, pakuti panalibe chowaliza.

Mfumu inafunsa ngati nyimbo yathera pomwepo.

Atara anati, "Mbuye wanga mfumu, nyimbo ya maliro amapeka ndi mwini wake akadali moyo. Ine ndimangotola. Ndayenda mzinda wonse, zimene ndatola ndi zomwezi. Ndikawonjezera ndinama, ndipo pa maliro sindinanamepo."

Asilikali anasendera pafupi, koma mayiyo sanasunthe. Mfumu inapsa mtima kwambiri. Kenaka inayang'ana nkhope za amayi aja mmodzimmodzi, nipeza maso onse ali gwa, opanda ndi dontho lomwe la misozi. Inachita mantha, chifukwa inaona maliro ake ndi maso. Inafunsa motsitsa mawu kuti nyimboyo ingathe liti.

Atara anati, "Zili kwa inu, mbuye wanga."

M'mawa mwake mfumu inakakhala pachipata, niyamba ndi mlandu wa mayi wamasiye uja. Osema miyala onse inawabweza kwawo, ndipo Elidadi anafika mphesa zisanathe kukolola. Manda anatsala osamalizidwa. Patapita zaka zambiri, mfumuyo itamwalira, anaiika m'manda osamalizidwawo. Atara anali atakalamba, mawu atasasa. Anangoyamba mzere woyamba, wonena za munda wa mayi wamasiye, ndipo mzinda wonse unavomera iye asanamalize.

Abale anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Inu amene muli ndi anthu pansi panu, kaya kunyumba, kaya kuntchito, kaya mumpingo muno, musadere nkhawa za amene adzalankhule pa maliro anu. Iye adzangotola zimene mwasiya. Atati ayende lero kukafunsa kwa anthu anu, kodi abwerako ndi mizere ingati?