Wotchi Imene a Mwape Anakonza Okha

Ku Kalingalinga, kuseri kwa mashedi a owotcherera zitsulo, kuli kaofesi ka kampani yopanga mageti ndi mafelemu a zitseko. Mmenemo ndimo munkakhala a Fackson Mwape, kalaliki wa kampaniyo, bambo wosavula taye ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anzawo panja ankasamba thukuta ndi utsi, iwo ali phee pampando wozungulira. Kwawo ku Mtendere anthu ankawatchula kuti ba kompyuta, ndipo dzinalo linkawakomera kuposa la ubatizo.

Tsiku lina mwini kampani, a Katongo, anabwera ndi kompyuta yogwirapo kale ntchito, imene anagula kwa amalonda ooda katundu ku Dubai. Ankafuna kuitana Chewe kuti adzaikemo pulogalamu ya maimelo ndi kalendala. Chewe ameneyu anali katswiri wa makompyuta, komanso mlamu wawo wa a Mwape, mlongo wa akazi awo. Kungomva dzinalo, a Mwape anadzuka pampando.

"Awe ba bosi, musavutike kuitana Chewe. Ivi ni ving'ono, nizapanga neka."

Kunena zoona, anayesetsa. Analowetsa adiresi ya ofesi ndi mawu achinsinsi, maimelo nayamba kulowa ndi kutuluka bwinobwino. Ataona kuti wotchi ya pakona pa sikirini yatsogola ndi maola awiri, anangoibweza pamanja monga mmene munthu amabwezera wotchi ya pakhoma. Chimene sanadziwe n'chakuti kompyutayo inkadziyesabe kuti ili ku Dubai. Nthawi ya pakona inkaoneka yolondola, inde, koma munthu wakunja akatumiza uthenga woitanira ku msonkhano, pulogalamuyo inkautembenuzira ku nthawi ya ku Dubai isanaulembe pa kalendala. Msonkhano wa teni koloko unkasanduka wa thwelofu.

Choyamba kupsa chinali ulendo wa ku Kabanana, kumene munthu wina womanga nyumba anawaitana kuti akayeze mageti. A Katongo ndi a Mwape anafika mwini wake atatopa kudikira n'kuchokapo. A Mwape, pakamwa posachedwa, anakankhira mlandu kwa mlembi wa munthuyo, ndipo a Katongo anakhulupirira. Koma zitachitikanso kachiwiri ndi kasitomala wina, mtima wa a Mwape unayamba kuwauza kuti vuto lili patebulo pawo pomwe.

Anayamba kukonza mobisa, chitseko chotseka. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anachotsa adiresi ya ofesi mu pulogalamu n'kuilowetsanso. Anagwedeza ngakhale mawaya a kuseri, ngati kuti maola awiriwo anakodwa mmenemo. Pomaliza anadzitumizira okha uthenga woitanira ku msonkhano wa teni koloko, ndipo unafika ukunena teni koloko. Ukanalakwa bwanji, poti wotumiza ndi wolandira onse anali ku Dubai komweko? A Mwape anapumira m'mwamba n'kudziuza kuti zatheka, ngakhale kuti pansi pa mtima kanthu kankawayabwabe.

Tsono a Mwape anali ndi mwana wamkazi, Kombe. Mtsikanayu atamaliza sukulu anakhala zaka zingapo akuluka tsitsi mu saluni ya mnzake ku Kalikiliki, koma mtima wake wonse unali pa unamwino. Chaka chimenecho anafunsira malo pa sukulu ina ya anamwino mumzinda. Polemba, bambo ake anamuumiriza kuti aike adiresi ya ku ofesi kwawo m'malo mwa yake.

"Ya ofesi ipasa ulemu, mwana wanga. Bazaona kuti uchokela ku nyumba ya banthu bophunzila."

Yankho linabwera Lachiwiri. Sukuluyo inamuitana Kombe ku intavyu Lachisanu, ndipo nthawi yake sinalembedwe pena paliponse koma mu uthenga woitanira uja, umene unakakhazikika wokha pa kalendala. Pamenepo panalembedwa thwelofu koloko. A Mwape ataona, anakayikira. Sukulu yanji yoyamba kufunsa anthu mafunso nthawi ya nkhomaliro? Ndiye ngati Mulungu akuwatumizira thandizo, masana omwewo Chewe anatulukira pakhomo, akuchokera kokonza makina osindikizira pa ofesi yoyandikana nayo.

"Mulamu, muli bwa? Kompyuta isebenza mushe? Nili na nthawi, ningaione pang'ono."

Funso limene likanapulumutsa zonse linali pamlomo penipeni pa a Mwape. Koma a Katongo anali chiimire pambali, ndipo kufunsa kunali kuvomera kuti ulendo wa ku Kabanana anaupha ndi iwo, osati mlembi uja anamunamizira. Kunalinso kuvomera pamaso pa mlamu, munthu woti akakafika kunyumba nkhaniyo adzaiseka chaka chonse. A Mwape anakonza taye.

"Vonse vili chabe bwino, mulamu. Apa palibe nchito yanu."

Chewe anaseka, nawagwira paphewa, n'kumapita. Madzulo a Mwape anakauza banja lonse kuti Kombe akufunika Lachisanu thwelofu koloko. Anaganizako zomuuza kuti alawirire m'mamawa, koma anaopa kuti mwanayo afunsa chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndicho sankafuna kuti chituluke. Anangoti asachedwe. Mayi ake a Kombe, a Emelda, anabwereka jekete kwa mnansi, nalisita mosamala, ndipo mtsikanayo anatha masiku otsalawo akuyeserera mayankho pagalasi.

Lachisanu Kombe ananyamuka nthawi yabwino, nafika pa sukulupo thwelofu isanakwane. Anapeza mabenchi ali mbee. Mayi wa pakhomo anamuuza kuti mayina anaitanidwa teni koloko, lake linaitanidwa mobwereza popanda woyankha, ndipo ofunsa mafunso anali atatseka kale. Kombe anachonderera mpaka misozi. Mayiyo anamumvera chisoni, koma anati ofuna malo anali ochuluka, ndipo munthu wochedwa tsiku la intavyu sukulu siingamudalire kuti adzasunga nthawi ya mankhwala a odwala. Anamulangiza kuti adzayesenso chaka chamawa.

Mtsikanayo sanapite kunyumba. Anaimbira foni amalume ake, a Chewe, ndipo awiriwo anatulukira limodzi pa ofesi ya ku Kalingalinga. Kombe anali adakali m'jekete lobwereka lija, maso ofiira. A Mwape powaona anafuna kuyamba kunyoza sukuluyo kuti ndi yosalongosoka, koma Chewe anali atakhala kale pampando wozungulira. Anatsegula pamene pamasankhidwa chigawo cha nthawi, natembenuza sikirini kuti onse aone. Panalembedwa dzina la ku Dubai. Anasankha nthawi ya kuno, nakonzanso wotchi, ndipo pa kalendala intavyu ya Kombe inadumpha yokha kuchoka pa thwelofu kufika pa teni. Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi asanawire.

Chewe, munthu wa nthabwala, tsiku limenelo sanaseke. A Katongo anayang'ana kalendalayo, naona msonkhano wa ku Kabanana nawonso utabwerera pa nthawi yake yeniyeni. Anangotuluka panja. Kutuluka kwawoko kunapweteka kuposa kukalipa.

"Ba tata," anatero Kombe motsitsa mawu, "nifuna chabe kuziba chinthu chimozi. Munali kuziba kuti iyi kompyuta inama nthawi?"

Bodza linali pafupi, ndipo mwanayo akanalikhulupirira, pakuti ankawakhulupirira bambo ake pa chilichonse. Koma a Mwape analephera kunama. Anayang'ana nsapato zawo.

"Ninali kuganizila, mwana wanga."

"Nanga ba malume pamene banabwela pa Chibili, simunabafunse chifukwa chani?"

Yankho linalipo, koma silinali loti bambo angauze mwana wake. Akanati chiyani? Kuti anaopa kusekedwa ndi mlamu? Kuti anayeza nkhope yawo ndi tsogolo la mwana, nkhope n'kulemera? Manyazi amene anawathawa Lachiwiri anawapeza Lachisanu atabereka ana, ndipo tsopano anali pamaso pa bwana, mlamu ndi mwana yemwe. Kombe anavula jekete lija, nalipinda bwinobwino, n'kuliika patebulo la bambo ake.

"Mukabweze ndimwe kuli ba neba. Bakafunsa mwamene nayendela, mukabauze."

Madzulo amenewo anthu a ku Mtendere anawaona ba kompyuta akutsika basi, jekete lachikazi lili m'khwapa, akudutsa njira za kuseri kuti asakumane ndi owadziwa. Mmawa mwake Kombe anabwerera ku saluni kukaluka tsitsi, chaka china chathunthu chili patsogolo pake. Funso limodzi lokha likanawachititsa manyazi a Mwape kwa kanthawi, koma analibisa mpaka linawonongetsa malo a mwana wawo. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.